KUGAWANA NYUMBA NDI NGONGOLE UKWATI UKATHA

Ukwati ukatha, funso loyamba kumveka pa bwalo la milandu ndi lakuti, "Nyumba ikhala ya yani?" Mwamuna aloza dzina lace pa cikalata, mkazi awerenga zaka zimene anakhala m'nyumbamo ndi kulera ana, ndipo abale a mbali zonse ziwiri afika ndi mau ao. Koma kawirikawiri pali wina wacitatu amene sakhala nao pa bwalopo, ngakhale gawo lace pa nyumbayo lingapose la mwamuna kapena la mkazi. Ameneyo ndiye mwini ngongole, kaya ndi banki, kaya ndi kampani yokongoza ndalama, kaya ndi munthu wa kaloba. Cifukwa cace anthu ofuna kulekana mwa cilungamo ayenera kuyamba ndi kuwerenga ngongole zao, pakuti cimene angathe kugawana ndico cokhaco cotsala ngongole zitacotsedwa.

KALE NDI LERO

Makolo sanali kubvutika ndi funso limeneli. Pakati pa Acewa, kumene kuli mwambo wa cikamwini, mwamuna anali kumanga nyumba pa mudzi wa mkazi, ndipo cikwati cikatha iye anali kunyamula nkhwangwa, khasu ndi mphasa yace nabwerera kwao. Nyumba inali kutsala ndi mkazi ndi ana. Pakati pa Angoni, amene apereka malowolo, mkazi ndiye anali kucoka. Nyumba ya mitengo ndi udzu sinali yobvuta kumanga ina, ndipo panalibe banki yoilondola.

Ku migodi nakonso, m'zaka za 1950, nyumba za m'komboni zinali za kampani kapena za khonsolo. Munthu anali kupatsidwa nyumba cifukwa ca nchito, ndipo nchito ikatha anali kubweza makiyi. Okwatirana polekana anali kukangana pa njinga, makina osokera, mipando ndi mbale, koma pa nyumba panalibe cokangana.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1996, pamene Boma la President Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa anthu okhalamo. Kuyambira 1997 kampani ya ZCCM nayonso inagulitsa nyumba zace kwa anchito ace, ndipo ambiri mtengo wa nyumba unacotsedwa pa ndalama zimene anayenera kulandira pakutha nchito. Cotero ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola, ku Luanshya ndi ku Chililabombwe mabanja ambiri anakhala eni nyumba kwa nthawi yoyamba. Ena anagula mapuloti namanga okha, ena anakongola ku mabanki kapena ku Zambia National Building Society. Lero nyumba ndiyo cuma cacikuru ca banja la m'tauni, ndipo mwambo wa kumudzi suli ndi yankho lokwanira pa nyumba ya njerwa imene cikalata cace ciri ku banki.

CIMENE MALAMULO ANENA

M'Zambia muli maukwati a mitundu iwiri. Ukwati wolembetsedwa mwa lamulo la Boma lochedwa Marriage Act umathetsedwa ku High Court, potsata lamulo la Matrimonial Causes Act la caka ca 2007. Lamulo limeneli lipatsa woweruza mphamvu yakulamula kuti cuma cicoke m'dzina la wina ndi kulowa m'dzina la mnzace. Pocita zimenezi iye ayang'ana ndalama zimene aliyense alandira ndi zimene angathe kulandira m'tsogolo, zosowa zao ndi mangawa ao, msinkhu wao, zaka zimene ukwati unakhala, ndi thandizo limene aliyense anapereka pa banja. Kusamala pa khomo ndi kulera ana kuwerengedwa monga thandizo.

Ukwati wa mwambo, umene uli wa anthu ambiri, umathetsedwa ku Local Court, ndipo oweruza atsata mwambo umene anthuwo anakwatirana nao. Kale akazi ambiri anali kutuluka m'mabwalo amenewa cimanjamanja. Pa mlandu wa Mwiya, m'caka ca 1977, High Court inapeza kuti mwambo wa Alozi sunali kukakamiza mwamuna kugawira mkazi wosudzulidwa cuma cace. Koma m'caka ca 2000 Supreme Court inaweruza mlandu wa Chibwe, umene unayambira ku Local Court ya ku Mufulira. Anthuwo anakwatirana mwa mwambo wa Aushi nabala ana asanu. Bwalo lalikurulo linaona kuti mkazi, pokhala mai wa anawo ndi wosunga nyumba, anathandiza kupeza cuma ca banja ngakhale sanaike ndalama m'dzanja la mwamuna, ndipo linalamula kuti apatsidwe gawo lace. Kuyambira pamenepo mau akuti "dzina langa ndilo liri pa cikalata" sakwanira kutseka mlandu.

Komabe lamulo silinena kuti nthawi zonse cuma cidulidwe pakati. Pamene maina onse awiri alembedwa pamodzi pa cikalata, kawirikawiri mabwalo ayesa kuti magawo ndi ofanana. Pamene dzina liri limodzi, woweruza afuna kumva mbiri ya nyumbayo: inagulidwa liti, ndalama zinacokera kuti, ndipo aliyense anacitapo ciani. Nyumba imene munthu anali nayo asanakwatire, kapena imene anasiyiridwa ndi makolo, iyesedwa mosiyana ndi imene awiriwo anapezera pamodzi, ngakhale mnzace amene anathandiza kuikuza angathe kupempha kuti thandizo lacelo liwerengedwe.

KAWERENGEDWE KACE

Nchito yoyamba ndiyo kudziwa mtengo wa nyumba monga iri lero. Mtengo umene munthu anagulira mu 1998 suthandiza kanthu, ndiponso osunga malisiti akale akumbukire kuti pa 1 January 2013 kwacha inasinthidwa: K5,000,000 ya pa lisiti lakale ndi K5,000 ya tsopano. Mwamuna wofuna kukhala m'nyumba amaucepetsa mtengo, ndipo mkazi wofuna kulandira gawo amaukuza. Njira yabwino ndiyo kuitana munthu wophunzira nchito yoyesa mtengo wa nyumba, wolembetsedwa ku Boma, amene onse awiri amubvomera, ndi kumlipira pamodzi.

Nchito yaciwiri ndiyo kupita ku banki ndi kupempha kalata yoonetsa ndalama zimene zikufunika kuti ngongole itsekedwe lero lomwe. Ambiri amadabwa pamenepa. Pa ngongole ya zaka zambiri, ndalama zolipira pa zaka zoyamba zimathera kwambiri pa ciongoladzanja, kotero kuti munthu amene walipira theka la zaka zace sanafike pa theka la ngongole.

Nchito yacitatu ndiyo kulemba ngongole zina zonse, zazikuru ndi zazing'ono, aliyense osabisa kanthu. Kapepala ka malipiro ka ku mgodi kathandiza, cifukwa kaonetsa zonse zimene zidulidwa pa mwezi.

Naci citsanzo. Wanchito wa mu mgodi ndi mkazi wace, amene agulitsa pa msika, ali ndi nyumba imene woyesa waipeza kuti ndi ya K600,000. Ku banki kwatsala K200,000. Cotsala pa nyumba ndi K400,000. Alinso ndi ngongole ya K30,000 imene anatenga kulipirira mwana ku koleji, ndi K10,000 ya ku sitolo kumene anatenga citofu ndi firiji. Zimenezi zikacotsedwa patsala K360,000. Ngati agwirizana kugawana pakati, aliyense alandira K180,000. Munthu amene anali kuyembekeza theka la K600,000 aona kuti K120,000 ya ciyembekezo cace inali ya eni ngongole. Paja akuluakulu amati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo nyumba ikagulitsidwa pafunikanso msonkho wa Boma wa posintha umwini, malipiro a loya ndi a wogulitsa nyumba, ndi mangawa a madzi ndi a khonsolo ngati alipo. Zonsezi zituluka pa mtengo womwewo anthu asanagawane.

NGONGOLE YA BANJA NDI YA MUNTHU YEKHA

Si ngongole zonse zimene ziyenera kusenzedwa ndi onse awiri. Funso lothandiza ndi ili: ndalamazo zinagwira nchito yanji? Ngongole yogulira malata, yolipirira sukulu, ya cipatala, ya maliro a m'banja kapena ya mpamba wa malonda amene anali kudyetsa ana ndi ya banja, ngakhale inalembedwa m'dzina la mmodzi. Amene anadya nao ayenera kulipira nao. Koma ngongole imene munthu anatenga mobisa nathera ku mowa, ku njuga kapena kwa cibwenzi ca kunja ndi yace yekha, ndipo nkoyenera kuti icotsedwe pa gawo lace. Pa citsanzo cija, ngati mwamuna ali ndi kaloba ya K20,000 ya mtundu umenewu, mkazi alandira K180,000 yace yathunthu, ndipo mwamuna atabweza kalobayo atsala ndi K160,000. Muyeso womwewo ugwiranso pa mkazi amene anakongola m'magulu a cilimba nagula zace zokha.

Thandizo nalonso liyesedwe ndi muyeso umodzi. Mwamuna angaonetse kuti banki inali kudula pa malipiro ace mwezi ndi mwezi, kapena kuti ndalama zimene anatapa ku NAPSA, monga lamulo la 2023 linalola anchito kutapako 20 pa 100 kamodzi, zinagula simenti. Zimenezo nzoona ndipo ziwerengedwa. Koma malipirowo anakhoza kupita ku banki cifukwa ndiwo, makala ndi mayunifomu a ana zinali kucokera pa msika. Mkazi amene anatunga madzi oumbira njerwa, naphikira omanga, nayang'anira nchito pamene mwamuna anali pansi pa mgodi, anamanga nao nyumbayo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkosayenera kuti pa tsiku logawana mutu winawo uiwalike.

NJIRA ZITATU

Kuwerenga kukatha, pali njira zitatu zimene anthu amatsata.

Yoyamba ndiyo kugulitsa nyumba, kubweza ngongole zonse ndi kugawana cotsala. Ubwino wace ndi wakuti aliyense acoka womasuka, wopanda cingwe comumanga kwa mnzace. Kuipa kwace ndi kwakuti ana ataya pokhala, ndipo K180,000 singagule nyumba yonga ija. Ndiponso nyumba yogulitsidwa mofulumira, anthu onse a m'komboni atadziwa kuti eni ace ali pa mkangano, imapita pa mtengo wotsika.

Yaciwiri ndiyo yakuti mmodzi atsale m'nyumba nagule gawo la mnzace. Pa citsanzo cija, mkazi akafuna kutsala ayenera kupatsa mwamuna K180,000 ndi kusenza yekha K200,000 ya ku banki ndi K40,000 ya ngongole zina zija. Pamodzi ndi K420,000. Asanabvomere, akhale pansi ndi kuona ngati malonda ace angathe kunyamula katundu wotere caka ndi caka. Nthawi zina gawo la wocokayo lilipiridwa ndi cuma cina, monga galimoto, puloti kapena sitolo, ndipo zimenezonso ziyesedwe pa mtengo wa lero.

Yacitatu ndiyo kucedwetsa kugulitsa. Kholo limene lisunga ana likhala m'nyumba kufikira mwana wotsiriza atamaliza sukulu, ndipo pamenepo nyumba igulitsidwa ndi kugawana monga anapangana. Njira imeneyi isamala ana, koma ifuna pangano lolembedwa bwino: ndani adzalipira banki, ndani adzakonza denga likadontha, lendi ya kanyumba ka kuseri idzapita kwa yani, ndipo cidzacitika nciani wina akakwatiranso kapena akamwalira. Cimene sicilembedwa lero cidzakhala mlandu wa ana mawa.

Ndalama zolerera ana ndi nkhani ina, ndipo zisasokonezedwe ndi gawo la nyumba. Bambo amene wasiya nyumba sanamalize udindo wace wodyetsa ndi kuphunzitsa ana ace. Local Court iri ndi mphamvu yakulamulanso ndalama za pa mwezi zothandiza wosudzulidwa, koma kwa nthawi yosaposa zaka 3, ndipo zimaleka iye akakwatiwanso. Cotero mkazi asalole kutaya gawo lace la nyumba posinthana ndi thandizo losakhalitsa.

BANKI SIDZIWA CISUDZULO

Pano ndi pamene ambiri amagwa. Ciweruzo ca bwalo cimanga mwamuna ndi mkazi, koma sicisintha pangano limene linasainidwa ku banki. Woweruza anganene kuti mwamuna ndiye adzalipira ngongole ya nyumba, koma ngati mkazi anasaina nao monga wokongola mnzace, kapena monga womuimira, banki idzamlondola iyenso mwamuna akalephera. Munthu amene sanasaine kanthu sakakamizidwa kubweza ngongole ya mnzace cifukwa ca ukwati wokha, komabe ngati nyumba inaperekedwa monga cikole, ingagulitsidwe iye ali momwemo ndi ana.

Anthu a ku migodi adziwa kuti malipiro sali cinthu cokhazikika. Pamene mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 2008, mgodi wa ku Luanshya unatsekedwa ndipo unakhala wotseka miyezi yambiri ya 2009. Mu 2015 anchito zikwi anacotsedwanso pa migodi. Mkazi amene atsala m'nyumba imene ngongole yace idulidwa pa malipiro a mwamuna wace wakale wakhala pa nthambi imene iye sangathe kuiona ngati iri yolimba. Mwamuna nayenso amene wacoka m'nyumba koma dzina lace latsala pa ngongole angapeze kuti mabanki ena amkaniza, cifukwa masiku ano mabanki amadziwitsana maina a olephera kubweza.

Cifukwa cace pangano lisanasainidwe onse awiri apite ku banki. Ngati mmodzi atenga nyumba, apemphe kuti ngongole ilembedwenso m'dzina lace yekha ndi kuti mnzace amasulidwe mwa kalata. Banki ingakane ikaona kuti malipiro a wotsalayo ndi ocepa, ndipo nkwabwino kumva kukanako nyumba isanaperekedwe. Ngongole ikatha, cikalata ca malo, cimene ambiri acicha title deed, cisinthidwe ku ofesi ya za malo kuti cikhale m'dzina la mwini watsopano. Okhala m'makomboni amene ali ndi cikalata ca khonsolo cokha apite ku khonsolo akasinthitse dzina. Pepala la ciweruzo losungidwa m'sutikesi silisintha dzina pa cikalata.

Kaloba iri ndi msampha wacewace. Ena okongoza ndalama amasainitsa wokongola pepala lonena kuti wagulitsa nyumba, namuuza kuti ndi cikole cabe. Munthu akacedwa kubweza, pepalalo lioneka monga umboni wa malonda enieni. Wokhala pa mkangano wa ukwati, amene afuna ndalama za msanga, acenjere ndi pepala lotere, ndipo asasaine cinthu cimene sanaciwerenge.

KUCHINJIRIZA GAWO

Zimacitika kuti mmodzi, poona kuti ukwati uli kutha, athamangira kugulitsa nyumba, kuikongolera ndalama zina kapena kuilemba m'dzina la mbale wace. Amene aopa zimenezi angathe kupempha bwalo kuti liletse kugulitsa kufikira mlandu utatha. Angathenso kufunsa wodziwa malamulo za cenjezo lochedwa caveat, limene likalembedwa pa cikalata ku ofesi ya za malo liletsa kusintha umwini mwakacetecete. Malisiti a simenti, makalata a ku banki, mauthenga a pa foni oonetsa ndalama zotumizidwa, ndi mboni zimene zinaona nyumba iri kumangidwa, zonsezi zisungidwe bwino.

Ku Local Court maloya saimira anthu pa milandu ya ukwati, cotero munthu adzilankhulira yekha ndipo ayenera kufika atakonzeka. Wosakhutira ndi ciweruzo ali ndi masiku 30 akucita apilo ku bwalo la majisitireti. Osauka angapeze uphungu ku Legal Aid Board, ndipo akazi angapitenso ku National Legal Aid Clinic for Women. Safunsa anadya phula.

NCHITO YA ANKHOSWE

Mlandu wa ku bwalo umatenga nthawi, ndipo pamene anthu ali kudikira ciongoladzanja sicidikira. Miyezi imene onse awiri aleka kulipira banki, aliyense ponena kuti sangalipirire nyumba imene mnzace adzatenga, icepetsa gawo la onse awiri pamodzi. Pa cifukwa cimeneci pangano loyamba likhale lakuti ngongole ya nyumba ilipiridwabe kufikira mlandu utatha, ndipo wolipirayo alembe zimene walipira kuti zidzakumbukiridwe pogawana.

Ankhoswe, amene anaima pa tsiku lomanga ukwati, ali ndi nchito yaikuru pa tsiku loumasula. Nkhoswe yabwino siyesa kulanga wolakwa mwa kumlanda nyumba, pakuti mlandu wa cigololo kapena wa nkhanza uli ndi malo ace, ndipo kugawana cuma kuli ndi malo acenso. Iyo ikhazika awiriwo pansi ndi pepala logawidwa pakati, mbali ina cuma, mbali ina ngongole, ndi kuonetsetsa kuti palibe cobisika. Akamvana, panganolo lilembedwe, lisainidwe pamaso pa mboni, ndipo liperekedwe ku bwalo kuti likhale ciweruzo. Pangano la pakamwa liiwalika msanga wina akapeza banja latsopano.

Anthu awiri amene anabala ana pamodzi adzakomanabe pa cipatala, pa ukwati wa mwana ndi pa maliro. Amene anawerenga ngongole zao poyera, nasenza aliyense gawo lomuyenera, adzakhoza kupatsana moni pa malo otere, ndipo ana ao adzadziwa nyumba imene angagonemo usiku umenewo.